Thobwa la agogo ndi matenda a m'mimba a ku chinkhoswe

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji abale nonse. Ndifunse nawo, amene tinali ku chinkhoswe Loweruka lija, alipo wina amene m'mimba mwamuvuta? Kuno ine, bambo a Tadala ndi Tadala yemwe sitinagone. Chiyambire Lamulungu usiku tikungolandirana chimbudzi ngati pa mjigo.

Malume a ku Ntcheu: Kunonso ndi momwemo mphwanga. Nyumba zinayi. Mayi ako aang'ono a kumtunda tachita kuwakweza pa kabaza kupita nawo kuchipatala.

Achimwene a ku Joni: Ife amene tinasowa ya thiransipoti tapulumuka 😂 Pepani ndithu. Nanga agogo ali bwanji?

Mayi a Tadala: Sekani achimwene, chaona mnzako chapita.

Malume a ku Ntcheu: Chodabwitsa chake ndi chimenecho. Mayi ali gwa! M'mawa uno ndawapeza akusesa pabwalo, akutiseka kuti ana a masiku ano matumbo athu ndi a pepala. Akuti iwo chimawasunga ndi thobwa losasa ndi chambiko.

Alamu a ku Area 25: Agogo akunena zoona zenizeni. Paja ndakhala ndikukuuzani pa gulu pano za ma probiotic, mabakiteriya abwino amoyo amene munthu amachita kumwa, inu osandimvera. Ndili nawo makapisozi, botolo la mwezi wathunthu. Mukamamwa amenewa matenda a m'mimba mumangowamvera kwa anzanu. Mayi a Tadala ndiyimbireni, wachibale ndimamuchotserako.

Azakhali anamwino: Tadikirani kaye alamu, malonda abwere pambuyo. Iwe mayi a Tadala, mwana akumwa? Wakodza liti komaliza? Maso alowa? M'chimbudzi chake muli magazi?

Mayi a Tadala: Akumwa pang'onopang'ono azakhali. Wakodza m'mawa. Magazi mulibe, koma thupi likutentha ndipo wafooka.

Azakhali anamwino: Sungunula paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, uzimupatsa nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Akasanza dikira mphindi 10 uyambirenso ndi supuni. Otsala akafika mawa nthawi ngati yomweyi utaye, usungunule ena. Phala asasiye. Ndipo popeza thupi likutentha, upite naye lero lomwe akamuyeze malungo, ukatengekonso zinc wa masiku 10. Osamugulira mabakitirimu kapena flagyl pa okala, ndakuuziratu.

Achimwene a ku Joni: Koma funso la agogo lilipobe. Chikondi uli kuti? Tinakusonkhera fizi kuti uzitiyankha zoterezi.

Chikondi wa ku Bunda: Ndinali m'kalasi achimwene 😅 Ndawerenga zonse. Pepani odwala nonse. Nkhani ya agogoyi ili ndi mutu ndithu, koma ndiyambire patali pang'ono. M'matumbo mwa munthu aliyense, ngakhale wathanzi, mumakhala mabakiteriya osawerengeka, makamaka m'matumbo aakulu. Ambiri si adani. Anakhazikika, ali ndi malo awo, amadya zotsala za chakudya chathu. Ndiye kachilombo koyipa ngati Salmonella kakalowa ndi nyama ya nkhuku, sikapeza bwalo lopanda anthu. Kamapeza eni mudzi.

Chikondi wa ku Bunda: Eni mudziwo amalimbana nako m'njira zingapo. Kuti kachilombo kakudwalitseni kayenera kumata kaye pa khoma la thumbo, ndiye ngati pamalopo pakhala kale ena, kamangodutsa n'kutuluka ndi chimbudzi. Zili ngati minibasi ya ku Ndirande madzulo, yadzaza mpaka kondakitala walendewera pakhomo, wobwera mochedwa amatsala pa siteji. Chakudyanso amalandana. Kenako pali asidi. Mabakiteriya a mtundu wa Lactobacillus akadya shuga amatulutsa asidi yemwe uja amawawasitsa chambiko, ndipo tizilombo tambiri toyambitsa kutsegula m'mimba sititha kuswana powawasa. Ena mpaka amapanga poizoni wawowawo wopha mabakiteriya anzawo okha, ife osatikhudza.

Malume a ku Ntcheu: Ngati munda. Mbatata ikayanga bwino udzu umasowa pomera.

Chikondi wa ku Bunda: Eya malume, fanizo lanu laposa langa. Ndipo inu a nkhuku nkhaniyi ikukukhudzani. Mu 1973 ku Finland, Nurmi ndi Rantala anaona kuti anapiye oswedwa ndi makina amagwidwa Salmonella mosavuta chifukwa sanakhalepo ndi make. Atawamwetsa zam'matumbo mwa nkhuku zazikulu zathanzi, Salmonella uja anayamba kulephera kukhazikika. Mwanapiye wa pamudzi amatola mabakiteriya amenewa yekha akamajompha pomwe make wachita zitosi.

Malume a ku Ntcheu: Ohoo! N'chifukwa chake anapiye ogula aja amangofa ndi kamphepo kalikonse pomwe a thadzi langa amayenda m'matope osadwala?

Chikondi wa ku Bunda: Mbali ina ndi imeneyo, ngakhale palinso za mtundu wa nkhuku ndi kuzizidwa.

Alamu a ku Area 25: Mwamva nokha. Wasukulu wavomereza. Ndiye mukudikira chiyani?

Chikondi wa ku Bunda: Alamu sindinafike pa botolo lanu 😂 Ndikufotokoza za mabakiteriya amene aliyense ali nawo kale mwaulere.

Achemwali a ku Leeds: Moni nonse, ndangoweruka ku naiti. Kuno m'mashopu muli timabotolo ta Yakult, anthu amamwa m'mawa uliwonse ngati mwambo. Ndinkayesa ndi zachizungu zatsopano.

Chikondi wa ku Bunda: Ndi zakale achemwali. Yakult inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1935, bakiteriya wake anamupatula Minoru Shirota. Iye asanatero, Élie Metchnikoff wa ku Pasteur Institute ku Paris anali atalemba kale mu 1907 kuti anthu akumudzi ku Bulgaria amakhalitsa chifukwa cha mkaka wosasa. Koma imene imandisangalatsa ine ndi ya 1917. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a Germany ankadwala kamwazi kwambiri, koma msilikali mmodzi sanadwale anzake onse atagwa. Dokotala Alfred Nissle anatenga chimbudzi chake n'kupezamo bakiteriya wa E. coli wamtundu wina amene amagonjetsa tizilombo toyipa. Mpaka lero bakiteriya ameneyo amagulitsidwa ku Germany, dzina lake Mutaflor. Pambuyo pake anadzapeza kuti imodzi mwa njira zake ndi kulanda ayironi amene Salmonella amafuna kuti aswane.

Achimwene a ku Joni: Basi malume, tengani kabotolo mukawadikirire agogo kuseri. Banja lalemera ili 🤣🤣

Malume a ku Ntcheu: Iwe usandiputire ndodo ya mayi.

Achimwene a ku Joni: Koma kunena zoona, za chakudya choyipa ine ndinasiya kuziseka mu 2018. Mukukumbukira za polony kuno? Matenda a listeriosis. Anthu opitirira 1,000 anadwala, opitirira 200 anamwalira, ambiri makanda ongobadwa kumene. Ife amaganyu polony ndiye inali ndiwo yathu, buledi ndi polony, kota ndi polony. Tsiku lomwe nduna Aaron Motsoaledi analengeza mu Malichi kuti gwero lake ndi fakitale ya ku Polokwane, ine ndinali nayo theka mu fuliji. Mlamu wanu anali ndi pakati pa Mphatso. Ndinakataya usiku womwewo, manja akunjenjemera. Chimandizunguza mpaka pano n'choti inali mu fuliji, yozizira bwinobwino, yosanunkha.

Azakhali anamwino: Listeria, kachilombo koyambitsa matendawo, ndi wosiyana ndi anzake pamenepo, amaswana ngakhale mu fuliji. Ndipo sathera m'mimba, amaboola thumbo n'kulowa m'magazi, kwa mayi woyembekezera amakafika mpaka kwa mwana. Munachita mwayi.

Chikondi wa ku Bunda: Pa Listeria pomwepo ndi pomwe pali kafukufuku wokoma. Mu 2007 ku Cork, dziko la Ireland, anapatsa mbewa za mu labu Lactobacillus salivarius kenako n'kuzipatsa Listeria, mbewa zinatetezeka. Atamuchotsa bakiteriya uja mphamvu yopanga poizoni wake, chitetezo chinatha. Apa anatsimikiza kuti chimagwira ntchito ndi poizoniyo. Ndiye ku Purdue University ku America, gulu la Arun Bhunia linachita zina zochenjera. Listeria ali ndi puloteni yomwe amatsegulira khoma la thumbo, tinene kuti kiyi. Iwo anatenga kiyi wofanana naye kwa m'bale wake wa Listeria wosadwalitsa, n'kumuika pa Lactobacillus casei. Bakiteriya wabwinoyo amakafika msanga n'kutseka pa loko, Listeria pobwera apeza malo atengedwa. Zotsatira zinatuluka mu 2020, mbewa zambiri zinapulumuka.

Malume a ku Ntcheu: Mbewa zake zomwe timadya zino?

Chikondi wa ku Bunda: Ayi malume, zoyera zoweta mu labu, si kapuku 😂 Koma mwakhudza penipeni. Ndi mbewa. Si anthu.

Azakhali anamwino: Apo ndiye ndimafuna tifike. Chikondi wakamba za ku Ireland ndi ku America, ine ndikambe za pakhomo pano. Ku Queens, ku wodi ya Moyo ya ana onyentchera, anachita kafukufuku pa ana 795. Ena ankalandira chiponde chosakaniza ndi ma probiotic, ena chiponde chokha. Zotsatira zinatuluka mu 2009, ndipo chiwerengero cha ana ochira chinali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Mu 2018 ku America ndi ku Canada anayesanso pa ana otsegula m'mimba obwera kuchipatala, mazanamazana, ena kuwapatsa probiotic ena kuwapatsa ufa wopanda mankhwala. Masiku otsegula m'mimba sanasiyane. Ndiye munthu akandiuza kuti mwana wofooka ngati Tadala timugulire botolo m'malo mothamangira Thanzi, ine magazi amawira. Ndaona ana akufika liwombo litalowa, khungu ukalitsina osabwerera, make atataya masiku atatu ndi ndalama pa zinthu zogula kwa anzake a ku tchalitchi.

Alamu a ku Area 25: Azakhali mukundinena ine pamenepa. Ine sindinanene kuti asapite kuchipatala. Komanso makasitomala anga ambiri akuyamikira, wina anali ndi vuto la mpweya m'mimba zaka ziwiri pano ali bwino.

Azakhali anamwino: Sindikukunenani alamu, ndikunena mchitidwe. Amene wapeza bwino tithokoze. Koma kutsegula m'mimba kwambiri kumasiya kokha pakatha masiku atatu kapena asanu, ndiye chilichonse chimene munthu wamwa tsiku lachitatu chimatenga ulemu.

Chikondi wa ku Bunda: Kuti tisawapondereze alamu, palinso pomwe zinaoneka kuti zikuthandiza. Ku Odisha, dziko la India, anachita kafukufuku pa makanda opitirira 4,500, theka la iwo n'kuwapatsa Lactobacillus plantarum pamodzi ndi shuga wina amene bakiteriyayo amadya, kwa sabata imodzi atangobadwa. Matenda oopsa a m'magazi anatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 aliwonse. Zinatuluka mu 2017. Koma taonani, anasankha mtundu umodzi weniweni atayesa yambiri, kwa ana a msinkhu umodzi, pa vuto limodzi. Mawu oti probiotic ali ngati mawu oti galu. Wina ndi wosaka, wina wolondera, wina amangodya n'kugona. Alamu tajambulani botolo lanulo kumbuyo tione.

Alamu a ku Area 25: Lalembedwa kuti mabakiteriya 10 biliyoni, mitundu 8.

Chikondi wa ku Bunda: Mayina a mitunduyo alipo ndi manambala ake? Ngati uja wotchuka amalembedwa Lactobacillus rhamnosus GG, zilembo zakumapetozo ndiye dzina lake lenileni. Komanso 10 biliyoniyo ndi pa tsiku lopangidwa kapena pa tsiku lothera ntchito? Paja ndi zamoyo izi. Zikayenda pa thiraki kuchokera ku Joni, kuima pa Mwanza dzuwa lili phwee, kenako kukhala mu handibagi mwezi wa Okutobala, zamoyo zimatsala zingati?

Alamu a ku Area 25: Manambala palibe. Ndiwafunsa amene amandipatsa katundu.

Achemwali a ku Leeds: Ine ndiwonjezere chimodzi cha kuntchito. Odwala amene chitetezo chawo chatsikiratu, ngati a khansa amene ali pa mankhwala amphamvu, sitiwapatsa zimenezi popanda dokotala. Bakiteriya wabwino akalowa m'magazi salinso wabwino. Ku America mu 2023 a FDA, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala, anachenjeza zipatala khanda lobadwa masiku osakwana litamwalira chifukwa cha probiotic.

Mayi a Tadala: Tili pa mzere kuchipatala, ndikuwerenga zonse. Nanga azakhali munandiletseranji bakitirimu? Ife tinazolowera kuti m'mimba mukangovuta, awiri a bakitirimu basi.

Azakhali anamwino: Chikondi yankha, ine ndikulowa mu wodi.

Chikondi wa ku Bunda: Chifukwa mankhwala amenewo sasankha achemwali, amapha eni mudzi aja pamodzi ndi akuba. Kale m'zaka za m'ma 1950 ku Chicago anayesa pa mbewa. Kuti mbewa yabwinobwino idwale pankafunika Salmonella pafupifupi 100,000. Koma ikayamba yamwa streptomycin, mankhwala opha mabakiteriya, osakwana 10 ankakwana kuidwalitsa. Ndiye munthu amene amamwa makapisozi a pa okala chimfine chilichonse akugwetsa yekha mpanda wake. Kuwonjezera apo tizilombo timazolowera mankhwala. Tayifodi amene anavuta mu Blantyre zaka zapitazi anali wosamva mankhwala akale aja, bakitirimu ali m'gulu lomwelo. Pali nthawi yake yomwe amafunikadi, ngati kamwazi, koma anene ndi a chipatala.

Malume a ku Ntcheu: Chabwino. Koma thobwa la mayi mwalizungulira. Limateteza kapena ayi?

Chikondi wa ku Bunda: Funso ndi loti thobwa lake liti. Taganizani mmene agogo amapangira. Amaphika phala, lizizire pang'ono, athire chimera, ligone, m'mawa aliwiritsenso. Pamene langophulidwa ndi lotsekemera koma mabakiteriya pafupifupi onse afa ndi moto, abwino ndi oyipa omwe. Likakhala mu mtsuko wawo uja tsiku limodzi kapena awiri ndi pomwe mabakiteriya a asidi amaswana, n'kuyamba kuwawasa. Mtsukowo sautsuka ndi sopo, ndiye mbewu yake imatsalira m'timing'alu. Ku Tanzania ali ndi chakumwa chofanana nalo, amati togwa, ndipo kafukufuku wa m'ma 1990 anaonetsa kuti likawawasa mokwanira tizilombo totsegula m'mimba timalephera kuswanamo. Ndiye phindu loyamba, lomwe ine ndingaikirepo mutu, ndi loti chakumwa chowawasa chimadziteteza chokha. Phala wamba losiyidwa pa mbale kuyambira m'mawa mpaka masana ndi loopsa kuposa thobwa losasa la dzana. Zoti likalowa m'mimba limakamanga mpanda, n'zotheka, koma mphamvu yake siyofanana mtsuko ndi mtsuko.

Achimwene a ku Joni: Kuno amati mageu, ndipo chambiko ndi amasi. Koma a m'shopu amakoma mosiyana ndi a kwathu.

Chikondi wa ku Bunda: Mageu ambiri a m'mapaketi amawatenthetsa akatha kupanga kuti asafufume pa shelefu, ndiye zamoyo zimakhala zitafa. Komanso tisalitamande thobwa mopitirira. Lija la m'mabotolo otoleza pa depoti, lothiridwa madzi a pachitsime kuti lichuluke, lotsekemera ndi shuga, lingakupatseni kolera bwinobwino. Tonse tikukumbuka 2022 ndi 2023, anthu opitirira 1,700 anapita. Chimera chikachita chuku poyanika, poizoni wake satha ndi kuwiritsa kapena kusasa. Chambiko nachonso, mkaka uyambe wawira, uzizire, kenako muthiremo masupuni awiri a chambiko chakale. Cha mkaka wosawiritsa chikhoza kubwera ndi TB ya ng'ombe ngakhale chitawawasa bwanji.

Nachisale wa kumudzi: Pepani ndalowa mochedwa, foni inali kotchaja. Ine ndinali nawo kophika ndiye ndinene zimene ndinaona, musanditchule kwa apongozi. Nkhuku zinaphedwa Lachisanu masana, 25. Tinazikazinga usiku n'kuziika m'mabeseni awiri, kuvundikira ndi chitenje. Fuliji yomwe tinabwereka sinagwire ntchito, magetsi anazima mpaka m'mawa. Loweruka sitinazitenthetsenso, nkhuni zinali pa mpunga. Ndipo kabichi wa saladi anadulidwa pa thebulo lomwe tinatumbulirapo nkhuku, tinangopukuta ndi kansalu.

Nachisale wa kumudzi: Za agogo ndiye musavutike nazo. Mbale yawo ndinawapititsira ndine. Anaibweza. Anati nkhuku zachizungu zimanunkha mankhwala, ndipo saladi ndi chakudya cha akalulu. Anadya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera kunyumba kwawo, n'kumwera thobwa lawo.

Achimwene a ku Joni: 🤣🤣🤣 Ndafa ine! Msilikali wathu wa 1917 sanapite n'komwe ku nkhondo!

Malume a ku Ntcheu: Ha! Ndipo m'mawa muja sananene zimenezo.

Chikondi wa ku Bunda: Zikugwirizananso ndi nthawi yake. Tinadya Loweruka masana, anthu ayamba Lamulungu usiku ndi kutentha thupi. Salmonella amatero, amafuna maola angapo mpaka masiku atatu kuti aswane. Ukanakhala mpunga wogona, anthu akanayamba kusanza Loweruka lomwelo asanafike n'komwe kunyumba, chifukwa pamenepo poizoni amakhala atapangidwa kale mu chakudya, ndipo palibe probiotic amene angamuletse. Koma kutsimikiza kwake ndi ku labu, ine ndikungoganiza. Ndipo pa mulu wa tizilombo wa beseni logona usiku wonse kotentha, ngakhale agogo akanadya sindikhulupirira kuti thobwa likanawaombola.

Alamu a ku Area 25: Ine saladi ndinadya mbale ziwiri ndipo ndili bwinobwino. Makapisozi anga ndimamwa tsiku lililonse. Ndangonena.

Achemwali a ku Leeds: Alamu inu simunachoke 12 koloko kuthamangira ukwati wina ku Balaka? Pa vidiyo yomwe munatumiza chakudya chinali chisanatuluke.

Alamu a ku Area 25: Saladi yake ya ku Balaka.

Achimwene a ku Joni: 😂😂😂

Mayi a Tadala: Tatuluka. Malungo alibe. Atipatsa zinc ndi Thanzi wina, akuti tibwerere akayamba kuchita magazi kapena kukana kumwa. Panopa wadya phala masupuni asanu ndipo akulirira thobwa. Azakhali ndimupatse?

Azakhali anamwino: Lopanga wekha ndi madzi owiritsa, mupatse pang'ono, koma lisalowe m'malo mwa Thanzi. Zinc amalize masiku onse 10 ngakhale aoneke kuti wachira mawa. Malume, mayi aang'ono akatuluka mundiuze awapatsa chiyani. Nachisale, ukwati wa Disembala nkhuku zikaphedwe m'mawa wa tsiku lomwelo, ndidzabwera ndekha ndi thebulo lachiwiri.

Malume a ku Ntcheu: Ndawawerengera mayi zonsezi. Akuti Chikondi sukulu yamuwononga, akabwera pa holide asadzapemphe thobwa. Akutinso mayi a Tadala utumize munthu pa Tsangano Turn Off Lachinayi, akupatsira chimera cha mawere pa minibasi.